Mamita 900 olembedwa pakatoni sanalembere nguluwe

Chimanga chitangoyamba kutulutsa ngaiyaye chaka chino, ndakumana ndi makalabu angapo m'midzi yoyandikana ndi paki ya Kasungu omwe asonkherana ndalama n'kugula makina oonera nyama usiku, aja akuwatcha thermal, omwe amaona pomva kutentha kwa thupi. Ena awatumizira ana awo ali ku Johannesburg, ena aitanitsa pa intaneti. Kugulako sindikutsutsa. Nguluwe zikalowa m'munda usiku umodzi, m'mawa mumapeza ngati mwadutsa thirakitala. Komanso chichitikireni msamuko wa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu mu 2022, wogona pachilindo ali ndi chifukwa chomveka chofunira kudziwa chomwe chikuthyola mapesi mumdima asanachiyandikire.

Chondipweteka mutu n'chakuti ndikafunsa kuti munasankha bwanji, yankho likumakhala limodzi: "Alangizi, pakatoni palembedwa mamita 900."

Alimi anzanga, nambala imeneyo siinama, koma siikunena zomwe mukuganizazo. Ndi mtunda umene makinawo angakuonetseni kuti pakutipakuti pali chinthu chofunda, basi. Kadontho koyera. Ndipo opanga ambiri amayezera pa chinthu chotalika pafupifupi mamita 1.8, msinkhu wa munthu wamkulu ataimirira pambalambanda. Nguluwe siifika ngakhale mita imodzi, ndipo siyenda pambalambanda, imayenda m'mizere, mapesi atatchinga miyendo ndi mimba. Kuona kuti pali chinthu, kuzindikira kuti ndi nyama ya miyendo inayi, ndi kutsimikiza kuti ndi nguluwe osati mbuzi ya aneba, ndi mitunda itatu yosiyana. Wachitatuwo, womwe ndi wofunika kwa inu, umakhala waufupi kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a woyambawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chithunzi cha makinawa chimapangidwa ndi timadontho. Pa makina ambiri otsika mtengo timakhala 256 m'litali ndi 192 m'lifupi, kalikonse kukula kwake 12 micron (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Ngati galasi lakutsogolo ndi la mamilimita 19, chinthu chili pa mamita 100, kadontho kamodzi kamaphimba malo okwana masentimita 6. Nguluwe yotalika masentimita 70 imagwira timadontho 11 kuchokera kumsana kufika pansi, ndipo mutha kuona mlomo ndi kayendedwe kake. Pa mamita 200 yatsala ndi timadontho 5 kapena 6. Pa mamita 500 yatsala ndi tiwiri. Ndiuzeni, m'timadontho tiwiri mungasiyanitse bwanji galu, gwape, mwana wa ng'ombe ndi munthu wogwada? Tsono ena mwa makina omwe ndawagwira ali ndi galasi la mamilimita 10 okha. Amenewo zonse ndawerengazi muzidule pafupifupi pakati.

Bambo wina wachikulire, yemwe amalima chinangwa kumunsi kwa dambo, adandiimitsa panjinga yamoto mwezi watha. Adatulutsa makina ake m'thumba la jekete, atawakulunga m'sokosi. Akuti usiku wina adaona chinthu choyera chikuyenda kumalire a munda, iye n'kunena kuti lero ndiye zatheka. Adadzutsa ana ake aamuna awiri, n'kumasula agalu, mikondo kumanja. Agalu atagwira, chomwe chidalira chinali nkhumba yaikazi ya mlamu wake, yomwe idathyola khola madzulo, ili ndi bere. Mlandu udakathera kwa amfumu, adalipa mbuzi ziwiri, ndipo mlamuyo mpaka lero moni akuyankha mokoka. "Koma alangizi, ndidakanikiza batani lokulitsa mpaka kanayi," adatero. Ndidamuuza kuti batani limenelo silionjezera kanthu. Limangotupitsa timadontho tomwe tija, ngati mmene chithunzi cha pafoni chimasungunukira mukachikoka ndi zala. Iye adangopukusa mutu n'kubwezera makinawo m'sokosi.

Idali nkhumba, tithokoze. Nthawi ya dowe m'minda mumayendanso anthu usiku, ena olonda, ena akuba, ena ongodutsa kuchokera kumowa. Pa makina amenewa onse amaoneka oyera chimodzimodzi.

Khalidwe limeneli silidabwere ndi makinawa. Ndi lomwe lija logula tochi poona kukula kwa mutu wake, lomwe lija loona maso awiri akuwala m'tchire n'kuponya mkondo usanafunse kuti ndi maso a chiyani. Takhala tikulankhula pamisonkhano mpaka mawu kusasa. Pano mwangosintha chida, mchitidwe ndi womwewo. Ndipo chimandidabwitsa: mlimi yemweyo pogula feteleza amatembenuza thumba, kuwerenga 23:10:5, kufinya kuti aone ngati sadasakanize mchenga. Pogula chinthu cha mtengo woposa matumba angapo a fetelezayo, akukhulupirira nambala imodzi yolembedwa ndi zilembo zofiira.

Pali enanso omwe sadagule thermal n'komwe. Adawagulitsa kamera ya usiku yokhala ndi kanyali ka infrared kutsogolo. Imeneyo siimva kutentha kwa thupi, imawalitsa ngati tochi yosaoneka ndi maso, ndiye m'chimanga imangokuonetsani masamba omwe ali pamphuno panu. Kuyesa kwake n'kosavuta. Gwirani khoma ndi chikhatho kwa kanthawi, chotsani, muyang'ane ndi makinawo. Thermal yeniyeni ikuonetsani dzanja latsalira pakhomapo. Ndiponso siiona kudutsa pagalasi la windo kapena la galimoto.

Ngati kalabu yanu isanagule, funsani kukula kwa galasi lakutsogolo musanafunse china chilichonse, ndipo pa minda yathuyi musatsike pa mamilimita 19. Timadontho tisachepere 256 kwa 192. A 384 kwa 288 ndi abwinopo ngati thumba likulola, chifukwa pa galasi lomwelo mumaona malo otakasuka. Pali nambala ina ya NETD, yolembedwa ndi mK, yosonyeza mmene makinawo amasiyanitsira zinthu zofunda mosiyana pang'ono: yotsika ndiyo yabwino, makamaka usiku wa chinyezi mvula itangokata, pomwe zonse zimaoneka zotuwa. Pewani a 9 Hz, aja osintha chithunzi maulendo 9 okha pa sekondi, chifukwa chithunzi chimadumphadumpha nyama ikamathamanga. Pezani a 25 kapena 50. Kumudzi kopanda magetsi sankhani olowa mabatire ochotseka, aja a 18650, kapena ochajika ndi pawabanki. Dzuwa likangolowa, zulu ndi miyala zimakhala zikadali zofunda ndipo zimawala ngati nyama yogona, musadzutsire mudzi chulu. Mukagula, tengani mbuzi yanu usiku, muimangirire pa mamita 50, kenako 100, kenako 200, muone nokha pomwe yasiya kuoneka ngati mbuzi.

Makinawa sakupatsani chilolezo chosaka. Lamulo la nyama zakutchire lomwe lidakonzedwanso mu 2017 limafika mpaka zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu. Mukaiona, bwererani chammbuyo, dziwitsani anzanu a m'zilindo zina, ndipo imbirani a zanyama zakutchire.