Kuyeza sitiroberi ndi kapu pamene sikelo palibe

Mukakwera phiri la Zomba nyengo ya sitiroberi, ogulitsa amakuchingamirani m'mbali mwa msewu ndi timbale todzaza zipatso zofiira. Amagulitsa ndi maso, osati pa sikelo. Koma mukafika kunyumba kuti muphike jamu, malangizo ambiri amati kilogalamu imodzi ya zipatso, kilogalamu imodzi ya shuga. Apa ndi pomwe amayi ambiri a m'magulu opanga jamu amasokonezekera: amatunga kapu ya zipatso, kapu ya shuga, n'kumaganiza kuti zalingana.

Sizilingana ayi. Sitiroberi zathunthu zikakhala m'kapu zimasiya mipata, ndipo mipatayo ndi mphepo chabe. Shuga alibe mipata yoteroyo. Kapu ya mamililita 250 imalowa sitiroberi zathunthu zolemera pafupifupi magalamu 150, koma shuga wodzaza kapu yomweyo amapitirira pang'ono magalamu 200. Tsono kilogalamu ya zipatso ndi makapu pafupifupi 7, ndipo mukathira makapu 7 a shuga mwathira kilogalamu imodzi ndi theka. Jamu wake amatsekemera mpaka kulawula, fungo la chipatso limabisika, ndipo pakapita masiku shuga amayamba kuuma timiyala m'botolo. Ndi mtengo wa shuga masiku ano, ndalamanso zatayika.

Choyamba dziwani kapu yanu, chifukwa makapu apulasitiki a pamsika ndi osiyanasiyana kukula. Tengani botolo la madzi la mamililita 500. Likadzaza kapu yanu kawiri ndendende, kapuyo ndi ya 250. Isungeni padera, ana asamwere phala.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye ndimalimbikira kwambiri, musayeze zipatso zathunthu. Tsukani, chotsani timasamba ta kumutu ndi zonse zoola, kenako zinyenyeni ndi foloko kapena chipande. Zikanyenyeka mipata imatha, ndipo kapu imodzi imalemera pafupifupi magalamu 240. Makapu anayi odzaza bwino ndiye kilogalamu yanu, kungotsala pang'ono. Mukangozidula m'tizidutswa, kapu imalowa pafupifupi magalamu 175, choncho mufunika makapu 6 osadzazitsa kapu yomaliza. Njira yodulayi sindiikonda, chifukwa wina amadula zazikulu, wina zazing'ono, muyeso n'kumasinthasintha.

Shuga musavutike naye. Paketi ya kilogalamu imodzi inayezedwa kale ku fakitale. Ithireni yonse pa makapu anayi a zipatso zonyenya. Ngati mwagula woyeza pa kantini, makapu asanu osasefukira akwana.

Mabulosi ndi tizipatso tating'ono, koma nawonso kapu yake siifika magalamu 150 akakhala athunthu, ndiye anyenyeninso musanayeze.

Paketi ya shuga ija ingathenso kukhala sikelo. Mangani chingwe pakatikati pa ndodo yowongoka, mupachike shuga mbali ina, zipatso za m'jumbo mbali inayo, motalikirana mofanana kuchokera pachingwe. Ndodo ikagona mopingasa osapendekera, zipatso zakwana kilogalamu.

Musaiwale kufinyiramo ndimu imodzi kapena ziwiri. Sitiroberi zakupsa kwambiri sizilimba msanga pazokha, ndipo madzi a ndimu ndiwo amathandiza jamu kugwirana. Kuti mudziwe ngati jamu wapsa, donthezani jamuyo pang'ono pa mbale yozizira, dikirani, mukankhe ndi chala. Akachita makwinya, phulani poto.