Sabata yofunda mwera usanabwerere: zoyenera kuchita kudimba, kukhola ndi kunyanja

Chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, kuno ku Mangochi kumabwera masiku amene amapusitsa anthu ambiri. Mphepo imaleka, nyanja imangoti phee, masana kumatentha kupitirira madigiri 30, usiku bulangete n'kulikankhira kumiyendo. Mango ali mbuu ndi maluwa, ndipo aliyense amati chisanu chapita, chilimwe chalowa. Pakangotha masiku asanu kapena sabata, mwera umabwereranso ndi mphamvu, kumapiri a Namwera ndi Katuli n'kugwa chifunga ndi mvula yowaza ya chiperoni. Mbande zowokera dzulo zimagona pansi, anapiye amafa ataunjikana pakona, maboti amasowa pokocheza.

Chimene chimachitika n'chakuti mpweya wozizira wochokera kunyanja zazikulu za kumwera ukamayandikira dziko la South Africa, patsogolo pake pamatsogola mpweya wofunda wochokera kumpoto. Ndiwo umatipatsa masiku otentha aja. Wozizirawo ukadutsa, kumbuyo kwake mphepo imatembenuka n'kuyamba kukankha mpweya wozizira ndi wachinyezi kuchokera kunyanja ya Indian, kudutsa Mozambique mpaka kwathu. Panyanja timautcha mwera, kumtunda chiperoni, dzina lochokera kuphiri la Chiperone ku Mozambique komweko. Choncho kufunda kwadzidzidzi nthawi imeneyi kaŵirikaŵiri ndi chizindikiro chakuti kuzizira kuli m'njira. Nthambi yoona zanyengo imalengeza za mwera pawailesi ndi pamafoni kukadali masiku angapo. Mukamva chilengezocho, ŵerengani masiku amene mwatsala nawo, n'kugaŵa ntchito molingana ndi masikuwo.

Tiyambe ndi kudimba, poti n'kumene ambiri amaluza. Mbande za tomato, kabichi kapena mpiru zikakwana zowokera, tomato ali ndi masamba anayi kapena asanu ndipo watalika masentimita 10 mpaka 15, wokerani tsiku loyamba kapena lachiŵiri la sabata yofundayo, madzulo dzuwa litapepa. Mbande imafuna masiku anayi kapena asanu kuti mizu igwire dothi latsopano, ndipo dothi lofunda limathandiza mizu kuyamba msanga. Ngati mwachedwa, mwera watsala masiku aŵiri, musazule. Zisiyeni ku nazale mpaka mphepo idutse. Mbande yongowokedwa kumene mizu yake ndi yoduka, siingamwe madzi mofanana ndi amene mphepo ikuchotsa m'masamba, ndiye imafota ngakhale bedi lili lonyowa. Alimi ena akaona zimenezi amawonjezera madzi, mizu n'kuwola. Zoti mbande zizolowere dzuwa zimayambira ku nazale: sabata imodzi musanawokere, chotsani udzu wa pamthunzi pang'onopang'ono ndipo chepetsani kuthirira.

Madzi m'sabata yotereyi amauma msanga, makamaka m'dothi lamchenga la m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire. Musathirire pongotsata chizolowezi. Loŵetsani chala m'dothi mpaka chonse chibisike. Kunsonga kukakhala kouma, thirirani mokwanira kuti madzi afike kumizu, osati kungonyowetsa pamwamba. Thirirani m'maŵa, patsinde, osati pamasamba. Phimbirani ndi udzu wouma wochindikala ngati masentimita 5, koma usakhudze tsinde chifukwa pamenepo pamabisala chiswe ndi zowoletsa. Kukazizira bwezani dzanja, pakuti dothi lophimbira silimataya madzi ambiri kukakhala mitambo. Komabe apa pali kusiyana kumene anthu amakuiŵala: kumunsi kunyanja, monga ku Malindi, Makanjira kapena Monkey Bay, mwera nthawi zambiri umabwera wouma ndipo umaumitsa dimba kuposa dzuwa, pamene kumapiri umabwera ndi chinyezi. Chala chija ndicho chikuuzeni zochita, osati mmene thupi lanu likumvera kuzizira.

Tomato wamkulu muzikireni mitengo yotalika mita imodzi ndi theka ndipo mum'mange ndi luzi momasuka, tsinde lisakhame. Kumbali yakumwera ndi yakum'maŵa kwa dimba, kumene mwera umachokera, mangani mpanda wa udzu kapena bango. Musaulumikize ngati chipupa. Mpanda wothina kwambiri mphepo imaulumpha n'kukagwera mwamphamvu kuseri kwake, nthawi zina n'kuugwetsa. Wolola kamphepo kudutsa umaiphwetsa mphamvu, ndipo umateteza malo otalika mwina kasanu mpaka kakhumi kuyerekeza ndi msinkhu wake.

Kutentha kumadzutsa tizilombo. Tembenuzani masamba a tomato muone kunsi: timadontho toyera pamwamba ndi kaukonde kopyapyala kunsi ndiye kangaude wofiira, amene amaswana mofulumira kukauma ndi kutentha. Pachimanga cha m'dimba fufuzani ntchemberezandonda. Yendani mokhotakhota m'munda, imani malo asanu, pamalo alionse onani mapesi 10 mpaka 20, makamaka m'kati mwa nsonga momwe mumaoneka zitosi zonga utuchi. Mphutsi zikadali zazing'ono n'zosavuta kupha, ngakhale pozitswanya ndi dzanja kapena kuthira kamchenga kosakaniza ndi phulusa m'nsongamo. Zikakula zimabisala mkati ndipo mankhwala sazifika bwino.

Matenda a chiwawu ndiwo amadikira mbali inayo, kukazizira masamba n'kukhala onyowa usiku wonse mpaka m'maŵa. Alimi a tomato ndi mbatatesi akumtunda, iyi ndi nkhani yanu. Mankhwala monga Dithane amateteza tsamba lomwe silinadwale, sachiritsa lomwe lapsa kale, ndiye nthawi yake yopopera ndi sabata yofundayi, kutatsala tsiku limodzi kapena aŵiri kuti nyengo isinthe. Muyezo wake uli papaketi, pamodzi ndi masiku oyenera kudikira musanathyole. Tsatani zimenezo, musayeze ndi maso. Yambani mwachotsa masamba a m'munsi okhudza dothi ndi onse amaŵanga, mukaŵakwirire kutali. Poperani m'mamaŵa mame atauma kapena madzulo, kulibe mphepo, mutavala zoteteza pakamwa, m'manja ndi kumapazi. Kupopera mwera utayamba n'kutaya ndalama: mankhwala amaulukira m'dimba la mnzanu, m'chitsime kapena kumaso kwanu. Sipuleya musakatsukire mumtsinje kapena m'nyanja, mankhwala ambiri amapha nsomba.

Chimanga chikakhala chakwana masabata atatu kapena anayi, feteleza wa Urea thirani dothi lili lonyowa, mubowole kadzenje masentimita pafupifupi 10 kuchoka paphesi, muthire kapu yoyezera feteleza ya nambala 5 pa phesi lililonse ngati mudabzala imodziimodzi, n'kufotsera. Urea womwaza pamwamba padzuwa lotere mphamvu yake imathera mumpweya.

Kukhola, choopsa chachikulu n'kuchotsa moto msanga. Anapiye sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo kumatsika ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse kufikira atamera nthenga zokwanira, cha pa masabata anayi kapena asanu. Masana a sabata yofunda mbaula mukhoza kuichotsa, koma makala musagulitse, masaka otchingira musang'ambe. Anapiye eni ake ndiwo amanena zoona. Akamwazikana bwino, akudya, akulira motsitsa, zili bwino. Akathaŵira m'mbali atayasamula milomo ndi kutambasula mapiko, kwatentha. Akaunjikana pamodzi n'kumalira mokweza, kwazizira, ndipo apansi amafa chifukwa chopanikizika. Akaunjikana mbali imodzi yokha, pali pomwe mphepo ikuloŵa, pafunefuneni mutseke. Tchingani mbali yakumwera kuchokera pansi, koma m'mwamba musiye mpata wotulukira mpweya. Mbaula iyake panja mpaka utsi uthe ndiye muloŵetse, chifukwa makala m'chipinda chotseka ponseponse amapha anapiye ndi munthu yemwe. Utuchi wonyowa pafupi ndi zomwera uchotseni tsopano, dzuwa likadalipo loumitsa watsopano.

Miyezi imeneyi ndiyonso chitopa chimayamba kuvuta. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse. Ngati zanu zidaphonya, funsani alangizi a ziŵeto msanga, ndipo mupereke m'maŵa pamthunzi kwa nkhuku zosadwala zokha. Ana a mbuzi nawo chibayo chimaŵagwira kutentha kukasinthana ndi kuzizira mwadzidzidzi. Khola la m'mwamba ndi labwino, koma mphepo imaloŵera m'mipata ya pansi. Zingirani mphasa kumbali ya mwera, sesani ndowe zapansi, ndipo kamwana kotsokomola kapena kotuluka mamina mukapatule n'kuitana alangizi.

Amene muli ndi maiŵe a nsomba mudzaona makumba ndi chilunguni zikudya mwakhama m'masiku ofundawa. Zipatseni, koma madzi akazizira kutsika pansi pa madigiri 20 zimachepetsa kudya kwambiri. Mukapitiriza kuthira madeya muyezo womwewo, otsalawo amawolera pansi n'kumaliza mpweya m'madzi, m'maŵa n'kupeza nsomba zikuyasamula pamwamba. Thirani pang'ono, dzuwa litakwera, muone ngati zamaliza pa mphindi 15 kapena 20. Manyowa lekani kaye kuthira kukakhala mitambo, ndipo dziŵe lidzazeni kuti kozama kufike mita imodzi kapena kupitirirapo, poti madzi ochepa amazizira msanga.

Kunyanja, bata la sabata imeneyi ndilo limakoka asodzi kupita kutali, ndipo m'pomveka, banja likufuna kudya. Koma mwera nthawi zina umadzuka usiku, asodzi a ukonde wa chilimira ali pakati ndi nyali zawo, ndipo bwato kapena boti lodzaza usipa silichedwa kumwa madzi. Nyanja ya Malombe musaiderere poti ndi yosaya. Madzi osaya mafunde ake amakhala afupiafupi, omenya motsatizana. Tsiku lomwe lalengezedwa komanso usiku wa dzulo lake musapite kutali. Matani ming'alu ya boti masiku ano, onani injini, tengani mafuta opitirira a ulendo, nkhafi, chokapira madzi, majekete oyandamitsa, ndi foni yatchaji yokulunga m'pulasitiki. Uzani a kugombe komwe mwaloŵera ndi nthawi yobwerera. Makomiti a m'magombe afalitse uthengawo madzulo anthu asananyamuke, pakuti si onse amamvera wailesi.

Amayi oyanika usipa, dzuwali ligwiritseni ntchito: yalani mopyapyala pathandala, osati pamchenga, tembenuzani kaŵiri kapena katatu patsiku, ndipo musalongedze m'matumba usanaume mpaka kuthyoka mukaupinda. Wosauma bwino ukakumana ndi chinyezi umachita nkhungu usanafike ku Limbe kapena ku Lilongwe. Nsomba zimasoŵa mwera ukakhala masiku angapo, ndiye wouma bwino amene mwasunga mudzagulitsa pamtengo wabwinoko.

Moto musauyatse m'munda sabata imeneyi. Udzu wauma, ndipo chitsa chomwe chikuoneka ngati chazima chimatha kusunga moto masiku aŵiri, mwera n'kudzauwuzira kukafika kunkhokwe ndi kumadenga audzu. Mapesi asiyeni aphimbe nthaka kapena muŵaunjike a kompositi, ndipo lambulani mozungulira nkhokwe, khola ndi nazale ya mitengo mpata wa mamita osachepera atatu.