Momwe mungalerere phukusi lamasiye la Debian muli konkuno ku Harare

Mukalemba `apt install` pa laputopu yanu, pulogalamu n'kulowa yokha osalipira ngakhale senti, dziwani kuti kuseri kwake kuli munthu. Wina anaitenga kwa amene anailemba, anaikonza kuti igwirizane ndi zina zonse za m'kompyutamo, n'kuimanga kukhala phukusi, ndipo mpaka lero akamva kuti yasweka amasiya zake n'kukaiona. Debian, mtundu wa Linux woyendetsera kompyuta umene Ian Murdock anauyamba mu 1993, ilibe kampani yoilamulira. Imayenda ndi anthu ongodzipereka: pafupifupi 1,000 okhala ndi udindo wa Debian Developer, ndi ena ambirimbiri othandiza opanda udindo. Debian 13, yotchedwa trixie, inatuluka pa 9 Ogasiti 2025 ili ndi maphukusi oposa 69,000. Katundu ndi wambiri, manja ndi ochepa. Ngakhale inu a Ubuntu ndi Linux Mint nkhaniyi ikukukhudzani, poti maphukusi anu ambiri gwero lake ndi komweko.

Achinyamata athu a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Mabvuku amene aphunzirako za makompyuta amaona ngati ntchitoyi ndi ya anthu a ku Ulaya okha. Ayi ndithu. Msonkhano waukulu wa Debian, DebConf, unachitikira ku Cape Town mu 2016, ndipo Jonathan Carter wa ku South Africa anatsogolera Debian yonse kuyambira 2020 mpaka 2024. Kumeneko safunsa satifiketi. Amaona ntchito, komanso ngati mumayankha imelo.

Langizo langa ndi limodzi: musayambe ndi phukusi latsopano. Aliyense wongobwera amafuna kulowetsa pulogalamu imene kulibe, dzina lake limveke. Phukusi latsopano limafuna kuti mufufuze chilolezo cha fayilo iliyonse, kenaka likaime pa mzere wotchedwa NEW kudikira oliunika. Pamene maphukusi amasiye, amene owasamalira anatopa kapena anatanganidwa, ali mbwee, alipo kale m'nkhokwe, ndipo anthu akuwagwiritsa ntchito lero lino.

1. Konzani pogwirira ntchito, poganizira data ndi magetsi

Laputopu yakale yogula kwa ogulitsa zakale m'tauni ndi yokwanira. Ikanimo Debian, kenaka zida izi:

`sudo apt install build-essential devscripts debhelper lintian quilt git-buildpackage sbuild mmdebstrap uidmap reportbug how-can-i-help apt-cacher-ng`

Mu fayilo ya `~/.bashrc` lembani `DEBFULLNAME` ndi `DEBEMAIL`, kutanthauza dzina lanu ndi imelo yanu, ndi `export` kutsogolo kwake. Sankhani imelo imene mudzakhale nayo zaka zambiri, osati ya kuntchito kapena ya kukoleji imene idzatsekedwe mukachokako, chifukwa idzalembedwa mu mbiri ya phukusi mpaka kalekale. Tsegulaninso gwero la `deb-src` mu makonzedwe a apt, kuti muzitha kukoka source code osati mapulogalamu omangamanga okha.

Ntchito yonse yatsopano imalowera ku nthambi yotchedwa unstable, ena amati sid. Musasandutse laputopu yanu yonse kukhala sid ngati ndi yomweyo imene mumapezera ndalama. sbuild imamanga phukusi m'kachipinda kakekake ka sid, kopangidwa ndi mmdebstrap, ikamaliza n'kukataya.

Apa ndiye pamene ife a kuno tiyenera kuchenjera. Nthawi iliyonse sbuild ikamamanga, imakokanso pa intaneti zonse zofunika pomangapo. Mukamanga kakhumi pa tsiku, bandulo imatha musanadye nkhomaliro. Mankhwala ake ndi apt-cacher-ng: imakhala pa kompyuta yanu pa port 3142, n'kumasunga phukusi lililonse limene mwakokapo. Uzani apt ya m'kachipinda kaja kuti izidutsira pa `http://127.0.0.1:3142`, ndipo adilesi ya Debian ikhale ya `http`, osati `https`, apo ayi palibe chisungidwe. Musaope za chitetezo, apt imatsimikiza siginecha ya zonse zimene yalandira. Zolemera zikokeni pamene intaneti ili yotchipa kapena yaulere, zotsalazo mudzachita ngakhale netiweki itathawa. Magetsi nawo timawadziwa khalidwe lake: madzi akachepa ku Kariba, mizere ya maola ozimitsa imatalika. Choncho phukusi lanu likhale lomangika m'mphindi zochepa pa batire. LibreOffice kapena Chromium asiyireni a makina akuluakulu.

2. Sankhani wamasiye wanu

Lembani `wnpp-alert`. Lamuloli limayang'ana mapulogalamu amene ali kale pa kompyuta yanu n'kukuuzani amene akusowa mwini. `how-can-i-help` imachita zofananako, ndipo imaonetsanso mavuto oikidwa chizindikiro cha newcomer, oyenera ongoyamba. Mudzaona zilembo kutsogolo kwa dzina lililonse. O ndi wamasiye weniweni. RFA ndi pamene mwini akalipo koma akufuna wina atenge. RFH ndi pamene mwini sakusiya, akungofuna womuthandiza. Kwa munthu woyamba RFH ndi RFA zili ndi ubwino wake, poti pali wakale womufunsa.

Sankhani chimene inuyo mumagwiritsa ntchito. Phukusi limene simuligwiritsa simungadziwe kuti lasweka, ndipo pakatha miyezi itatu mudzanyong'onyeka nalo. Likhale laling'ono, la chilankhulo cha kompyuta chimene mumachimva, ndipo eni pulogalamuyo, amene ku Debian amangoti upstream, akhale kuti akadali moyo pa ntchitoyo. Ngati upstream anasiya zaka khumi zapitazo, vuto lililonse lidzakhala lanu nokha.

Phukusi limene lili ndi mwini amene sanalengeze kuti akulisiya musalilande, ngakhale mukuona kuti lanyalanyazidwa. Pali njira yake, yotchedwa ITS, yopatsa mwiniyo masiku 21 kuti ayankhe, koma imeneyo mudzaiphunzira m'tsogolo.

3. Werengani kaye, kenaka lengezani

Pitani pa tracker.debian.org mulembe dzina la phukusilo. Tsamba limodzi likuonetsani zonse: mtundu umene uli mu stable (Debian yotuluka kale), testing (imene ikukonzedwa kudzatuluka) ndi unstable, mavuto otseguka, madandaulo a lintian (chida chofufuza zolakwika m'phukusi), komanso ngati upstream atulutsa chatsopano. Werengani malipoti onse a mavuto, ngakhale akalekale. Nthawi zina mumapeza kuti munthu anatumiza kale yankho zaka zinayi zapitazo, panalibe wolilowetsa basi.

Mukatsimikiza mtima, pezani nambala ya lipoti limene linalengeza umasiyewo, mutumize imelo ku nambalayo pa `@bugs.debian.org`, mizere iwiri iyi ili pamwamba penipeni:

`Control: retitle -1 ITA: dzina-la-phukusi -- kufotokoza kwake`
`Control: owner -1 !`

ITA ndi kunena kuti ndikufuna kulera ine. Imeloyo ikhale ya malemba wamba, yopanda zokongoletsa. Chingerezi chanu chisakudetseni nkhawa; ambiri mwa anthu a Debian nawonso ndi chinenero chochita kuphunzira.

4. Mangani musanasinthe kalikonse

Kokani phukusilo ndi `gbp clone` ngati lili pa salsa.debian.org, kumene kumakhala git ya Debian, kapena ndi `apt source` ngati kulibe. Musakhudze kanthu. Limangeni mmene lililimo ndi `sbuild -d unstable`. Likakana, mwadziwa kuti linali lodwala kale musanafike. Mukadumpha sitepeyi mudzataya usiku wonse kusakasaka cholakwa chanu pamene cholakwa si chanu.

Dera lanu ndi foda ya `debian/` yokha. Mmenemo `control` imanena dzina la phukusi, wolisamalira, ndi zimene limadalira. `rules` ndi malangizo omangira. Masiku ano ambiri ndi mizere itatu yokha yoitana `dh`, lamulo la debhelper, zida zothandiza kumanga phukusi, koma kwa amasiye akale mudzapeza masamba awiri a malamulo olembedwa pamanja. `copyright` imanena mwini wa fayilo iliyonse ndi chilolezo chake. `watch` imauza `uscan` kokayang'ana mtundu watsopano. `changelog` ndiyo mbiri.

Ngati phukusilo ndi la O, mu `control` mudzapeza pa Maintainer palembedwa Debian QA Group, gulu loyang'anira amasiye. Pamenepo ndi pamene mulembe dzina lanu.

5. Zigamba ndi changelog

Mafayilo a upstream sitisintha mwachindunji. Chilichonse chimene mwakonza kunja kwa `debian/` chimakhala chigamba mu `debian/patches`. Chida chopangira zigamba ndi quilt. Lembani `export QUILT_PATCHES=debian/patches`, kenaka `quilt push -a` kuti zigamba zakale zikhale m'malo, `quilt new dzina.patch`, `quilt add` fayilo imene mukufuna kusintha, isintheni, mumalize ndi `quilt refresh`. Ambiri amaiwala `quilt add` n'kuthamangira kusintha, chigamba n'kutuluka chopanda kanthu. Pamwamba pa chigamba lembani chifukwa chake ndi `quilt header -e --dep3`, ndipo chitumizeninso kwa upstream. Akachilandira, mtundu wotsatira mudzachifufuta, katundu wanu n'kupepuka.

`dch -i` imatsegula changelog n'kukweza nambala. Pa nambala ngati 1.4-3, 1.4 ndi ya upstream, 3 ndi ya Debian. Lembani chosintha chilichonse pa mzere wake, mwachidule. Mzere woyamba ukhale `New maintainer. (Closes: #nambala)`, ndi nambala ya lipoti lija, phukusi likalowa, lipotilo lidzatsekeka lokha. Pansi pake mudzaona dzina lanu, tsiku, ndi +0200, nthawi yathu ya kuno.

Paulendo woyamba musachulutse. Kutenga phukusi, kukonza vuto limodzi kapena awiri, kukweza debhelper: zakwana. Wokuunikirani ndi munthu wotopa amene akuwerenga ataweruka kuntchito, ndipo zosintha zazitali amazikankhira mawa.

6. Lolani lintian ikudzudzuleni

Mangani ndi sbuild, kenaka `lintian -i -I` pa fayilo ya `.changes`. E ndi cholakwa chachikulu, W ndi chenjezo, I ndi uphungu chabe. Ma E onse achoke. Ma W muwamvetse limodzilimodzi, osangowabisa. Mukatero ikani phukusilo, mulitsegule, muligwiritse ntchito ngati munthu wamba. Ngati mu `debian/tests` mulibe kanthu, lembani kayeso kamodzi ka autopkgtest, ngakhale kongoona kuti pulogalamu ikudzuka n'kupereka yankho loyenera.

7. Kiyi, mentors ndi sponsor

Inu simungalowetse phukusi m'nkhokwe ya Debian nokha. Pafunika Debian Developer woti aunike ntchito yanu n'kuisainira, ndiye sponsor ameneyo. Pangani kiyi wanu, wosainira ntchito yanu pa kompyuta, ndi `gpg --full-generate-key`, ndipo musunge kope lake pa flash imene simuyenda nayo mu kombi. Laputopu ikabedwa kiyi ali momwemo yekha, mbiri yonse imene munamanga pa kiyiyo muyambanso.

Tsegulani akaunti pa mentors.debian.net, muikepo mbali yapoyera ya kiyi wanu. Mangani phukusi la source lokha ndi `dpkg-buildpackage -S`, lisaineni ndi `debsign`, mulitumize ndi `dput mentors`. Tsamba la phukusi lanu kumeneko likupatsani kalata ya RFS yolembalemba, yopempha sponsor. Mudzaitumiza ngati lipoti ku `sponsorship-requests`.

Ndiye kudikira. Pena masiku awiri, pena mwezi wathunthu kuli zii. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha milungu iwiri kumbutsani mwaulemu pa lipoti lomwelo, kapena funsani pa #debian-mentors pa IRC ya OFTC, malo ochezerana polemberana pa intaneti. Njira yachidule imene ine ndimaikonda ndi kulowa gulu: a Python, a Perl, a Go, a masewera, a Debian Med, onse ali ndi magulu awo pa Salsa, ndipo phukusi la m'gulu limapeza woliunika msanga kuposa loyenda lokha. Sponsor akabweza ntchito yanu ndi mndandanda wa zokonza, si chipongwe. Ena amalemba mowuma, opanda moni, zimene kwa ife oleredwa ndi "mwadzuka bwanji" zimabaya poyamba. Yankhani mfundo iliyonse, ndipo pamene simukugwirizana nawo nenani chifukwa.

8. Likalowa

Makina a Debian adzalimanga pa mitundu yosiyanasiyana ya purosesa: amd64, arm64, ppc64el, s390x, riscv64 ndi ina. Onani buildd.debian.org tsiku lotsatira. Chomangika bwino pa laputopu yanu chikhoza kugwa pa s390x, imene imasanja mabayiti mosiyana ndi makompyuta athuwa. Zonse zikayenda, phukusi limasamukira ku testing pakatha masiku owerengeka, kawirikawiri asanu, ndipo autopkgtest yopambana imafupikitsa nthawiyo.

Kuyambira pamenepo malipoti a mavuto azibwera ku imelo yanu. A mlingo wa serious, grave kapena critical ndi oopsa: mukawalekerera, phukusi limachotsedwa mu testing, ndipo silidzakhalamo mu Debian yotsatira. Enawo mungawatenge pang'onopang'ono, bola kuyankha kuti mwaona. Debian yatsopano imatuluka pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, ndipo miyezi ingapo isanatuluke pamakhala freeze, nthawi imene zosintha zikuluzikulu zimaletsedwa. Ntchito yanu yolemera ithe nthawiyo isanafike.

Mukagwira bwino kwa miyezi ingapo, sponsor wanu angakuchitireni umboni pa nm.debian.org kuti mukhale Debian Maintainer, wololedwa kutumiza yekha maphukusi amene wapatsidwa chilolezo. Kale kiyi wanu ankayenera kusainidwa ndi Debian Developer amene mwaonana naye maso ndi maso, chinthu chovuta kwa munthu wa ku Harare. Kuyambira 2020 amalolanso kuti amene mwagwira nawo ntchito kwa nthawi achitire umboni kiyi wanu, choncho zolozerani kusaina maimelo ndi ntchito zanu zonse ndi kiyi yemweyo kuyambira tsiku loyamba.

Zikadzakuthinani, kaya mwapeza ntchito ku Johannesburg, kaya kunyumba kwabadwa mwana, kaya laputopu yafa, musangosowa. Lembani `reportbug wnpp`, musankhe RFH ngati mukufuna wokuthandizani, RFA ngati mungagwirizire mpaka wina apezeke, kapena O ngati mwasiyiratu. M'lipotilo nenani zimene munasiyira panjira, ndipo nthambi zonse za git zimene zili pa laputopu yanu muzikankhire ku Salsa musanatseke.