Kapinga akasiya kukula: kuyeretsa malo a mitengo ndi kugulitsa nkhuni

Ife amene timadyera kutchetcha kapinga, kudulira maheji ndi kudzala maluwa pa mabwalo a anthu tikuidziwa miyezi ija imene foni imangoti zii. Kaya kwanuko udzu umaima chifukwa cha chisanu kaya cha chilala, vuto ndi limodzi, anyamata akufuna malipiro, ngongole ya galimoto nayo siiona nyengo. Ndiye ambiri amalowa kuyeretsa malo a mitengo n'kumagulitsa nkhuni. Geni imeneyi imayenda ndithu, koma mumve kaye ichi musanagule chainsaw: mitengo imene mudule nyengo ino mudzaidyera nyengo inayo. Ndalama yanu ya panopa ikhale yodulira, nkhunizo ndi za chaka chamawa.

Ndatsogoza zimenezi chifukwa mwini malo akangomva kuti mumagulitsa nkhuni amati "ingodulani mutenge mitengoyo, takwitana". Ayi bwana. Kugwetsa, kudula nthambi, kukoka zipika mpaka pamene galimoto ingafike, petulo, oyilo, matcheni, nthawi ya anyamata, zonsezo mumatulutsa lero, pomwe nkhuni zikhala pa yadi miyezi yambiri zisanabweretse kanthu. Tchajani ntchito yoyeretsayo ngati kuti mitengoyo ndi zinyalala, kenako ngati ndi mitengo yabwino yolimba ndipo njira yotulutsira ndi yosavuta mutha kumutsitsirako pang'ono, basi.

Musanatchule ndalama pitani mukayende pamalopo ndi mwini wake, osangoona zithunzi za pa WhatsApp. Akulozereni malire ndi dzanja lake, mitengo yotsala muimange riboni kapena muipake penti iye ali pompo, chifukwa mtengo wa neba ukagwa palibe pepani amene angaudzutse. Yang'anani mawaya a magetsi, mipanda, mapaipi apansi, mtsinje ngati uli pafupi, komanso ngati nthaka ndi yonyowa moti galimoto yodzaza ititimira. Mugwirizanenso molemba za zitsa, kuti muzidula mofanana ndi nthaka kapena muzizula, chifukwa kuzula ndi ntchito ina yofuna makina ena ndipo ndi pamene anthu ambiri amayambanirana pomaliza. Nthambi zing'onozing'ono nazo zimachuluka modabwitsa, mtengo umodzi waukulu umasiya mulu woposa nkhuni zake, ndiye mudziwiretu ngati muziphwanya ndi chipper, makina ogaya nthambi, muzinyamula, kapena zitsala. Za chilolezo funsani ku ofesi yoona za nkhalango kapena ku khonsolo ya dera lanulo, m'maiko ambiri kukhala mwini malo sikutanthauza kuti ungadule mtengo uliwonse, ina ndi yotetezedwa ndi lamulo. Inshulansi yanu muifunsenso, yotchetchera kapinga nthawi zambiri siikhudza kugwetsa mitengo.

Pa zida sindichulutsa. Chainsaw yapakati ya 50cc kapena 60cc yokhala ndi bala (chitsulo chimene tcheni imazungulirapo) ya masentimita 40 mpaka 50 imakwana pa ntchito zambiri, Stihl kapena Husqvarna kapena ina iliyonse imene masipeya ake mungapeze msanga. Zambiri za masiku ano zimafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wa two stroke pa 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, koma onani buku lake. Matcheni akhale awiri atatu, tupa yonolera ya saizi yake, maweji a pulasitiki okhomera m'mene mwadula, nkhwangwa yolemera yowazira. Chipewa cholimba, zotseka m'makutu, zotchinga kumaso, nsapato zachitsulo kutsogolo ndi thalauzi lapadera loletsa tcheni kucheka mwendo, izi sizokambirana, kutentha kutenthe.

Tcheni ikakhala yakuthwa imalavula tizibenthu tokulirapo, ikayamba kutulutsa utuchi wosalala ngati ufa ndiye kuti yabuntha, imani munole. Kungokhudza dothi kamodzi kokha mano atha, n'chifukwa chake chipika chili pansi mumadula osamaliza, n'kuchigubuduza, n'kumalizira mbali inayo.

Kugwetsako ndiye pofunika kudekha. Onani kumene mtengo wapendekera, kumene nthambi zalemera, mphepo, ndi nthambi zouma zili m'mwamba zimene zingathyoke mtengo ukangogwedezeka, zimenezi zapha anthu ambiri odziwa ntchito. Lambulani pothawira musanalize makina, njira yopita kumbuyo mopingasa, cha pa madigiri 45 kuchoka pa mzere wa kumbuyo kwa kumene mtengo ugwere, osati kumbuyo kwenikweni chifukwa tsinde limatha kudumpha n'kubwerera. Mbali imene mukufuna ugwere dulani kakamwa kolowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kunenepa kwa tsinde, kenako mudule chakumbuyo koma osafika pakakamwapo, musiye kachigawo kosadula ka pafupifupi 10 peresenti ya kunenepa kwa mtengowo. Kachigawo kameneka ndi kamene kamagwira mtengo n'kuuongolera pamene ukugwa, mukakadula ndiye kuti mtengo ugwera kumene wafuna wokha. Weji mulowetse msanga m'mene mwadula kumbuyomo kuti tsinde lisakhalire bala. Wina aliyense akhale patali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Ndipo musadulire kunsonga kwa bala chakumtunda, pamenepo ndi pamene pamachokera kickback, makina amadumphira kumaso munthu asanaphethire. Mtengo wokodwa pa unzake, wowola mkati, kapena woyandikana ndi nyumba ndi mawaya, itanani amene anaphunzira zimenezo muwalipire, muike pa bilu ya kasitomala. Ngati kuli kosi ya chainsaw kumene muliko kachiteni, ndi masiku ochepa.

Tsopano nkhuni. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, pomwe nkhuni yoyaka bwino imafuna chinyezi cha 20 peresenti kapena kutsikirapo. Yaiwisi imalira tsii pamoto, kutuluka thovu kumapeto, utsi tolo, kutentha kwake kumathera pouma madziwo, ndipo mu chumuni imasiya phula lakuda lija limene limadzagwira moto tsiku lina. Ku England kuyambira mu May 2021 analetsa kugulitsa nkhuni zonyowa kupitirira 20 peresenti ngati ukugulitsa zochepera ma cubic metre awiri, ndiye mutha kuona kuti si nkhani yongokometsera.

Chipika chosawaza sichiuma msanga, khungwa limasunga madzi, chimatha kukhala chaka mkati muli chinyontho. Dulani zidutswa zofanana, masentimita 40 ndi amene ambiri amakonda koma a timbaula ting'onoting'ono amafuna 25 kapena 30, chekani kamtengo koyezera muziyenda nako osamangoyerekeza ndi maso. Wazani zikadali zaziwisi makamaka bulugama, ameneyu akauma amalimba moti nkhwangwa imangodumpha. Mukaona kuti maoda akuchuluka, log splitter ya hydraulic, makina owazira nkhuni, muyambe ndi kubwereka kwa masiku angapo mutaunjika kale zipika zonse, kugula kudzabwera pambuyo.

Kusanja kwake, pansi ikani mapaleti kapena mitengo iwiri yogoneka kuti nkhuni zisakhudze dothi, mizere ikhale pamalo a dzuwa ndi mphepo, pakati pa mizere pazidutsa munthu. Vindikirani pamwamba pokha ndi malata akale kapena lona, m'mbali musiye poyera. Ndimaona anthu atakulunga mulu wonse ndi pulasitiki mpaka pansi ati kuteteza mvula, akamadzatsegula apeza nkhungu yokhayokha. Paini ndi mitengo ina yopepuka imauma pa miyezi 6 mpaka 12, yolimba ngati oak imatha kufuna zaka ziwiri kumalo ozizira, kotentha kouma zimafulumirako. Kamita koyezera chinyezi n'kotchipa, koma muziyeza bwino, tengani chidutswa pakati pa mulu, muchiwaze, mubaye mapini ake pamene mwangowazapo. Kunja kumanama. Zouma zimapepuka, zimang'aluka kumapeto, mukamenyanitsa ziwiri zimalira mokweza osati kuti phu.

Musasakanize zolimba ndi zopepuka n'kutchaja mofanana. Zolimba zimakhalitsa ndipo zimasiya makala, paini amayaka msanga n'kutha msanga, ameneyu muwaze timitengo ting'onoting'ono toyatsira mugulitse m'matumba, pa kilo ndi amene amabweretsa zambiri. Matabwa opaka penti, mapolo a mpanda othira mankhwala ndi chitsamba cha maluwa chotchedwa oleander zisalowe mu mulu, utsi wake ndi poizoni.

Muyezo ukhale umodzi wodziwika. Ku America ndi Canada amagulitsa pa cord, mulu wosanja wa mafiti 4 ndi 4 ndi 8, omwe ndi ma cubic metre pafupifupi 3.6, ku France amati stère, cubic metre imodzi yosanja. Inu sankhani wanu, koma mawu oti "galimoto imodzi" amabweretsa mkangano chifukwa nkhuni zongoponya zimaoneka zambiri kuposa zosanja, kasitomala akakasanja kwake mulu n'kuchepa aziti mwamubera. Kukasiya ndi kukasanja kwa kasitomala muzitchaja padera malinga ndi mtunda, ndipo musapite nazo kutali kwambiri, mafuta amadya phindu komanso nkhuni zimanyamula tizilombo. Kachirombo kotchedwa emerald ash borer kanapezeka ku Michigan mu 2002 ndipo kapha mitengo ya ash mamiliyoni ambiri, njira imodzi imene kanafalikira inali nkhuni zimene anthu amayenda nazo, n'chifukwa chake madera ena ali ndi malamulo oletsa kusamutsa nkhuni.

Makasitomala oyamba muli nawo kale, ndi omwe aja mumawatchetchera kapinga, mumadziwa nyumba iti ili ndi chumuni ndi iti ili ndi malo ootchera panja. Auzeni nyengo yozizira isanafike, mulembe maoda, a malesitilanti ootcha ndi nkhuni muwayenderenso chifukwa iwo amagula chaka chonse bola muzibweretsa zouma zofanana ulendo uliwonse. Chaka choyambacho ngati mulibe zouma, gulitsani zaziwisi motsika mtengo mutamuuza munthuyo kuti ndi zosunga, kapena yang'anani mitengo imene inauma ili chiimire, nthambi zake zam'mwamba nthawi zambiri zimakhala zokonzeka, tsinde lake lokha ndi limene muliyeze kaye.