Kusankha pakati pa thalakitala yaing'ono yakale ndi ATV pa ntchito yotuta nkhuni

Munthu amene ali ndi nkhalango yakeyake, kaya ndi ya bulugamu, ya paini kapena ya mitengo yachilengedwe, akafuna makina otutira nkhuni amapeza kuti ndalama zake zingakwanire chimodzi mwa zinthu ziwiri: thalakitala yaing'ono yakale, kapena njinga yamoto yamatayala anayi imene ogulitsa amaitchula kuti ATV kapena quad. Eni minda ing'onoing'ono ku Britain, Sweden, America ndi South Africa amakumana ndi funso limeneli kawirikawiri, ndipo ambiri amayamba ndi kufunsa za mphamvu ya injini. Ine ndikuona kuti poyambira penipeni ndi kulemera kwa nkhuni zanu ndiponso njira imene zidzadutsa, chifukwa makina alionse angathe kukoka katundu pamalo athyathyathya, koma si onse amene angamuimitse pachitsetse.

Yambani mwayesa katunduyo. Mtengo wauwisi wa bulugamu umalemera pafupifupi tani imodzi pa kiyubiki mita, ndipo mendulo imodzi, poti pakati pa zikuni pamakhala mipata, imafika makilogalamu 600 kapena kupitirira. Tsopano yerekezani ndi ATV yotchuka pa ntchito zakumunda, Honda TRX420. Iyo yokha imalemera makilogalamu osafika 300, ndipo opanga ake amalola kuti ikoke makilogalamu 385, kuphatikizapo ngolo yomwe. Pachonyamulira chakutsogolo amalola makilogalamu 30, ndipo pa chakumbuyo makilogalamu 60. Izi zikutanthauza kuti mendulo imodzi ya nkhuni zaziwisi ndi maulendo awiri kapena atatu. Thalakitala ya Massey Ferguson 135, imene inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ili ndi injini ya dizilo ya Perkins yamasilinda atatu ya mphamvu ya mahatchi pafupifupi 45, ndipo pamalo abwino imakoka mamendulo angapo nthawi imodzi. Choncho werengani mamendulo amene mumafuna pachaka. Ngati ndi ochepa, ophikira ndi kuwothera pabanja limodzi, ATV ingakwanitse. Ngati nkhunizo ndi zogulitsa, zowotchera njerwa kapena zoumitsira fodya m'balani, maulendo a ATV adzachuluka mpaka petulo ndi nthawi zidzadya phindu lonse.

Mukatero, yendani wapansi njira yonse kuchokera podulira mitengo kufika posungira nkhuni, ndipo muchite zimenezi nthawi yamvula, pamene nthaka imaonetsa khalidwe lake lenileni. Apa ndi pamene ATV imapambana. M'lifupi mwake ndi mita imodzi ndi pang'ono, imakhota pamalo opanikiza, ndipo matayala ake ofewa sakumba nthaka kwambiri, motero imadutsa pakati pa mitengo yobzalidwa mothithikana ndi m'mphepete mwa dambo popanda kusiya zigwembe zimene madzi amadzazikulitsa. Thalakitala imafuna msewu wolambulidwa, wochotsedwa zitsa, ndipo yambiri yakale imakoka ndi matayala akumbuyo okha, kotero kuti ikatitimira m'matope muyenera kufunafuna thalakitala ina yoti idzaitulutse. Pakati pa ziwirizi pali mathalakitala ang'onoang'ono a ku Japan a Kubota, Yanmar ndi Iseki. Mwachitsanzo, Kubota B7100 ili ndi mahatchi 16 okha, koma yambiri imakoka ndi matayala onse anayi ndipo ndi yopapatiza ngati ATV. Amene nkhalango yake ndi yothina koma ali ndi nkhuni zambiri, aganizire mtundu umenewu asanaganizire china chilichonse.

Nkhani ya chitsetse ndiyofunika kuimvetsa bwino, popeza ndi pamene anthu ambiri amavulalira. Ngolo yodzaza imene ilibe mabuleki ake imakankha chimene chikuikoka. Ikalemera kuposa ATV, matayala akumbuyo a ATV amatsetsereka, ngolo imapinda cham'mbali, ndipo woyendetsa amagwa pamodzi ndi makinawo. Ndi chifukwa chake malire a opanga sayenera kupyoledwa, ngakhale injini ikuoneka kuti ikadali ndi mphamvu. Thalakitala yakale nayonso ili ndi zofooka zake. Mabuleki ake ali kumbuyo kokha, ndipo mapedulo ake awiri ayenera kulumikizidwa pamodzi mukamakoka ngolo, kuti tayala limodzi lisagwire lokha. Sankhani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, ndipo musaponde kilatchi muli pakati pa chitsetse. Ma Massey Ferguson ena ali ndi giya yotchedwa Multi-Power, imene ikakhala pa Low injini siigwira thalakitala potsika, moti imangothamanga yokha. Wogula aliyense afunse ngati thalakitalayo ili ndi giya imeneyi, ndipo ngati ilipo azitsika ili pa High.

Kukoka zipika pansi ndi tcheni kuli ndi ngozi ina. Chipika chikakodwa pachitsa, matayala akumbuyo amaleka kuzungulira pansi ndipo thalakitala yonse imadzuka kutsogolo n'kugwera chagada, zimene zimachitika m'kanthawi kosakwana masekondi awiri. Mangani tcheni pachitsulo chokokera chimene chili pansi pa ekiselo basi, osati pamwamba pake. Njira yabwino koposa ndi kukweza mutu wa chipika pang'ono kuti usakumbe nthaka, kapena kuchidula kukhala zidutswa n'kuzikweza m'ngolo. Dziko la Sweden linalamula mu 1959 kuti mathalakitala atsopano azikhala ndi chitsulo choteteza woyendetsa akagubuduzika, ndipo imfa zamtunduwu zinatsika kwambiri. Mathalakitala ambiri akale amene akugulitsidwa lero alibe chitsulo chimenechi, choncho mtengo wochiika pamodzi ndi lamba wapampando muuwerengere pamtengo wogulira. Chitsulocho chikhale chopangidwira mtundu wa thalakitalayo, chifukwa chowotcherera mongoyerekeza chingathe kupindika pa nthawi imene chikufunika. ATV ilibe lamba wapampando, ndipo chitetezo cha woyendetsa ndi chipewa cholimba, kusanyamula mnzake, ndi kusapereka makina aakulu kwa ana. Ku Australia, kuyambira mu October 2021, ma ATV atsopano apantchito amagulitsidwa ali ndi chitsulo chothandiza kuti munthu asapanikizike pansi pake. Ngati wina akukutsatsani yamatayala atatu, ikaneni, pakuti ku America analeka kugulitsa zatsopano zamtundu umenewo mu 1988 chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi.

Chimene chimandichititsa kukondera thalakitala ndi kumbuyo kwake. Mikono itatu yonyamulira zida, imene katswiri wopanga mathalakitala Harry Ferguson anaitchukitsa, pamodzi ndi shafiti ya PTO, chitsulo choyendetsera zida zina chimene chimazungulira maulendo 540 pa mphindi, zimasandutsa thalakitala kukhala makina ogwira ntchito zambiri. Mungamangirirepo winchi yokokera zipika kuchokera kuphompho thalakitala ili chiimire pamalo otetezeka, macheka ozungulira, chowazira nkhuni, kapena bokosi lonyamulira zikuni, ndipo nyengo yolima ikafika imakoka pulawo. ATV ilibe zimenezi. Winchi yake ndi yamagetsi, yopangidwira kudzitulutsa m'matope, ndipo imatentha ndi kumaliza batire mukaikoketsa zipika tsiku lonse. Komabe shafiti ya PTO iyenera kukhala yovindikiridwa nthawi zonse, chifukwa ikagwira malaya imakulunga munthu asanafikire pozimitsira.

Pokagula, pemphani kuti makinawo musawapeze atalizidwa kale, ndipo gwirani injini kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Thalakitala yabwino imalira msanga, ndipo utsi wake umasiya kuoneka pakapita kanthawi. Utsi wabuluu wosaleka umasonyeza kuti ikudya oyilo, pamene oyilo wooneka ngati mkaka amasonyeza kuti madzi akulowa m'injini. Kwezani chida cholemera ndi mikono yakumbuyo, zimitsani injini, ndipo muone ngati chikutsika msanga. Yesani buleki iliyonse payokha, gwedezani chiwongolero, ndipo yang'anitsitsani matayala akumbuyo, popeza awiri atsopano angadye gawo lalikulu la mtengo wa thalakitala yakale. Pa ATV, kwezani tayala lililonse n'kuligwedeza kuti mumve ngati mabering'i atha, onani ngati mphira zophimba ma shafiti sizinang'ambike, ndipo tsegulani bokosi la sefa ya mpweya, chifukwa matope m'menemo amaulula kuti inamirapo m'madzi. Ma ATV ambiri amayendera lamba m'malo mwa magiya achitsulo, ndipo lambayo amapsa ngati mwini wake amakoka katundu ili pa giya yothamanga ya High. Fungo la mphira wopserera poyesa likuchenjezeni.

Musaiwale kufunsa za okonza ndi zitsulo zosinthira. Ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, makaniko wodziwa injini ya Perkins amapezeka mosavuta, chifukwa mathalakitala a Massey Ferguson akhala akugwira ntchito m'maesiteti kwa zaka zambiri, pamene chitsulo cha ATV, kapena cha thalakitala ya ku Japan imene inangobwera yogwiritsidwapo kale ntchito, nthawi zambiri chimachita kuitanitsidwa kunja, makina ali chigonere kwa milungu. Ku Britain ndi ku South Africa vuto limeneli ndi lochepa, koma kumeneko ATV imabedwa mosavuta, kotero imafuna nyumba yokhoma.

Amene wasankha ATV chifukwa cha kuthina kwa njira angachepetse vuto la kulemera posintha ndondomeko ya ntchito. Dulani mitengo, iwazeni ndi kuiunjika m'nkhalango momwemo pamalo opita mphepo, ndipo muitute itauma, popeza nkhuni zikatsika kufika pa chinyezi cha 20 peresenti zimakhala zitataya gawo lalikulu la kulemera kwake. Gulani ngolo yaifupi msinkhu, yamatayala otambalala, makamaka yokhala ndi mabuleki ake, ndipo muikweze kamodzi pasikelo ili yodzaza kuti mudziwe mlingo umene opanga ATV yanu amalola, monga makilogalamu 385 a Honda ija. Pamene pafika nkhunizo lembanipo mzere ndi penti, kuti aliyense wolongedza aziima pomwepo.