Mmene mungachotsere boti la faiba lomwe latha ntchito

Ndimakonza maboti kuno ku Mangochi, ndipo chimandiwawa ndi maboti oyendera alendo omwe angosiyidwa pamchenga kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay. Bwato la mtengo likatha limawola lokha. Boti la faiba ayi. Faiba ndi ulusi wa galasi womatidwa ndi mankhwala olimba: siwola, chiswe sichidya, ndipo simungaisungunule ngati chitsulo. Mukalisiya, mvula imadzazamo, udzudzu n'kupeza poswanirana.

Yambani mwatsimikiza kuti boti lathadi. Ligogodeni ndi mpini wa hamala mbali zonse. Pabwino pamalira gwa, powonongeka pamamveka ngati pali mphako. Muonetsetse kwambiri kumbuyo komwe mumamangirira injini, chifukwa maboti ambiri amakhala ndi thabwa mkati mwa faiba pamenepo. Mukagwedeza injini n'kuona pakuwerama, thabwalo lawola. Boti lotere musagulitse kwa asodzi ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Mwera ukawapeza pakati pa nyanja, mudzakhala mwagulitsa maliro. Ngati botilo linalembetsedwa ku dipatimenti yoona za maulendo apamadzi, kawadziwitseni kuti mukuliphwasula.

Likokereni kumtunda, kutali ndi madzi, musanamasule chilichonse. Tsanulirani petulo m'chigubu chotseka bwino, kenaka oyilo wa injini ndi wa m'magiya. Oyilo wakudayo musamuthire pamchenga. Chotsani batire mosaipendeketsa, popeza muli asidi ndi mtovu. Ogula mabatire akale alipo. Thanki ya petulo ichoke yonse, ndipo boti likhale lotsegula kuti fungo lithe. Nthunzi ya petulo ikakumana ndi moto wothetheka pa galainda, ngozi yake ndi yoopsa.

Ndalama zili mu injini ndi m'zitsulo. Injini ya Yamaha Enduro, ngakhale yakufa, asodzi a usipa amaifuna chifukwa cha kabuleta, magiya ndi pulopela. Zitsulo muzisiyanitse ndi maginito: zomata ku maginito pazokha, pomwe aluminiyamu, kopa wa m'mawaya ndi zitsulo zosachita dzimbiri zikhale milu yakeyake. Mukasakaniza, wogula zitsulo zakutha adzakulipirani zonse pa mtengo wotsikitsitsa.

Tsopano kwatsala chigoba, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Musachiotche. Utsi wake ndi wakuda, ndi wapoizoni, ndipo moto ukazima ulusi wa galasi umatsala m'phulusa momwe ana amaseweramo. Musachimizenso m'nyanja. Chigoba chomira chimang'amba maukonde, ndipo utoto ndi tizidutswa take zimasakanikira m'madzi omwe timamwa. Ku Cape Maclear madziwo ali m'dera la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Kumizamo boti n'kuipitsa chomwe alendo amadzera.

Ngati chigoba chikadali chathunthu, chipatseni ntchito ina pamtunda. Boolani mabowo pansi kuti madzi azituluka, thiranimo dothi, mufesemo mbande za mitengo. Masamba odya sindingalole ngati utoto wake ukusupuka. Mukachivundikira pa mizati, chimakhala denga labwino la khola la nkhuku kapena posungira nkhuni.

Chikakhala chophwanyika, chidulenidulenitu. Yalani lona pansi, valani malaya aatali manja, magalasi ndi chotchinga kukamwa chenicheni, osati kansalu. Fumbi la faiba limayabwa pakhungu ndipo limavulaza mapapo. Wina aziwaza madzi podulapo kuti lisauluke, koma asamale waya wa magetsi. Musagwire ntchitoyi tsiku la mphepo. Zidutswa zosalala tibweretsereni ife okonza maboti, timapangira mipando ndi zivindikiro. Siponji yothandiza kuyandama yomwe imakhala pansi pa boti, ikakhala yomwa madzi, ilowe m'matumba pamodzi ndi fumbi.

Ku France eni maboti otere amakawasiya kwaulere kwa owaphwasula ovomerezeka, kudzera m'bungwe la APER lomwe linayamba ntchitoyi mu 2019. Ndimalakalaka malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja yathu atagwirizana kuchita zofanana. Pakadali pano, funsani ku khonsolo komwe amalola kutayako zinyalala zotere, mumange matumbawo bwino, mukawatule kumeneko.