Kukaona nyama ku Liwonde pa galimoto yanu: muchite izi

Mwafunsa za ulendo wa tsiku limodzi ku paki ya Liwonde, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015.

Choyamba, sankhani nyengo. Kuyambira Juni mpaka Okutobala udzu umakhala wouma, madzi asowa m'tchire, ndiye nyama zimasonkhana m'mbali mwa mtsinje wa Shire. M'dzinja dothi la m'madambo limanata kwambiri, misewu ina amaitseka, ndipo galimoto yotsika imatitimira.

Thirani mafuta odzaza m'tauni ya Liwonde, mugulenso madzi akumwa, malita atatu pa munthu aliyense. Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa Amalawi amalipira ndalama zochepa pachipata kusiyana ndi alendo akunja. Musavale zakuda kapena zabuluu; mitundu imeneyi imakoka kashembe.

Fikani pachipata m'mamawa kukadali chisisira. Dzuwa likakwera nyama zimabisala m'mitengo ya tsanya.

Mukalowa, yendetsani pang'onopang'ono ndipo musatsike m'galimoto kupatula pamalo ololedwa. Pa njovu ndiye pofunika kusamala kwambiri. Imani patali, osaliza hutala, osadutsa pakati pa njovu yaikazi ndi mwana wake. Ikatambasula makutu n'kumapukusa mutu, ikukuchenjezani, bwererani m'mbuyo modekha. Anthu ambiri amalakwitsa poyandikira kuti ajambule bwino, mpaka kuitsekera njira yopita kumadzi.

Ngati thumba likulola, kwerani boti pa Shire kuti muone mvuu ndi ng'ona pafupi, manja ali m'kati mwa boti. Polowa m'paki, funsiranitu nthawi yotsekera chipata.